Rauta ya TP-Link TL-WR840N ndi Tsamba Lake la 192.168.0.1

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito rauta (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba pa Wi-Fi) ya TP-Link TL-WR840N kunyumba kwathu kwa miyezi ingapo, ndipo chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi tsamba lake la makonzedwe, limene limatseguka munthu akalemba 192.168.0.1 kapena tplinkwifi.net mu Chrome kapena Firefox. Anthu ambiri akagula rauta amangosiyira wogulitsa kuti awalumikizire, ndipo sadziwa n'komwe kuti tsamba limeneli lilipo mpaka tsiku limene intaneti yasokonekera kapena bandulo yayamba kutha mosadziwika bwino.

Adiresi imeneyi sifuna intaneti kuti itseguke, chifukwa tsambalo limakhala mkati mwa rauta momwemo. Chofunika ndi chakuti foni kapena kompyuta ikhale yolumikizidwa ku rautayo, kaya pa Wi-Fi kapena pa chingwe cholowetsedwa m'limodzi mwa mabowo anayi a LAN amene ali kumbuyo. Dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake yoyambira zinalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta, ndipo ndikulangiza aliyense kuti akajambule ndi foni kasanafufutike. Marauta akale a mtundu umenewu ankalandira mawu akuti admin pa dzina ndi pa pasiwedi pomwe, koma yangayi inandiuza kuti ndipange pasiwedi yangayanga nditangolowa koyamba. Ndikuona kuti kampaniyi inachita bwino pamenepa, pakuti mawu akuti admin amadziwika ndi mwana aliyense wasukulu amene anakhudzako kompyuta.

Chinthu chimene chinanditengera nthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti chimavutitsa anthu ambiri, chinachitika nditalumikiza rautayi ku modemu (chipangizo cholandira intaneti kuchokera ku kampani) imene ndinali nayo kale. Nditalemba 192.168.0.1, panatuluka tsamba lachilendo lokana pasiwedi yanga, ndipo ndinayesa kangapo ndisanazindikire kuti ndinali ndikugogoda pakhomo la modemu ija. Zipangizo ziwirizi zinali ndi adiresi yofanana, ndipo rautayo itaona zimenezi inasamukira yokha ku 192.168.1.1 kuti zisalimbane. Ndinadziwa izi nditatsegula Command Prompt pa kompyuta ya Windows n'kulemba ipconfig, chifukwa mzere wa Default Gateway umasonyeza adiresi yeniyeni imene rauta ili nayo panthawiyo. Ngati pa mzere wa adiresi ya kompyuta pakuoneka manambala oyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku rauta, ndipo vuto limakhala chingwe chosalowa bwino kapena DHCP (gawo la rauta logawa maadiresi ku zipangizo) yozimitsidwa.

Pa foni pali misampha iwiri ing'onoing'ono. Wi-Fi ikakhala yopanda intaneti, foni imathawira ku deta ya m'simukhadi, choncho ndi bwino kuzimitsa detayo musanalembe adiresi. Msampha wina ndi wolemba manambalawo m'bokosi lofufuzira la Google m'malo mwa mzere wa adiresi, kapena kuika chilembo O pamene pakufunika 0. Amene safuna kulimbana ndi zimenezi angagwiritse ntchito pulogalamu ya pa foni ya Tether, ngakhale kuti ine ndimakonda tsamba lenilenilo chifukwa lili ndi zosankha zambiri.

Ukangolowa, zinthu zinayalidwa mosavuta kutsata, ngakhale kuti zonse zili m'Chingelezi. Ndinasintha dzina la Wi-Fi, ndinasankha chitetezo cha WPA2, kenako ndinaona mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, momwe ndinapezamo mafoni awiri amene si a m'nyumba mwathu. Kusintha pasiwedi kunawachotsa nthawi yomweyo. Popeza nyumba zathu n'zoyandikana ndipo ma Wi-Fi a anansi amalowerana, ndinayesa matchanelo (njira zimene Wi-Fi imadutsamo) 1, 6 ndi 11 mpaka nditapeza imene inkayenda bwino madzulo, nthawi imene aliyense amakhala pa intaneti. Magetsi akathima n'kuyakanso, rautayi imadzuka ndi makonzedwe onse ali momwemo, ndipo kwa ife amene timazimitsidwira magetsi kawirikawiri, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Batani la WPS/Reset liyenera kusamalidwa. Kulikanikiza kwa masekondi pafupifupi khumi kumabwezera zonse mmene zinachokera kufakitale, ndipo kumafufutanso dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zimene makampani ena a intaneti amapereka kuti rauta izilowera pa intaneti yawo. Munthu amene waiwala pasiwedi ya tsambalo alibe njira ina koma imeneyi, choncho alembe kaye zonsezi papepala asanakhudze bataniro.

Malire a rautayi ndi odziwikiratu. Imagwira pa 2.4 GHz pokha, ndipo ngakhale pabokosi panalembedwa liwiro la 300 Mbps, mabowo ake a chingwe amalekezera pa 100 Mbps, kotero amene amalipira intaneti yothamanga kuposa pamenepo sangaimve kukoma. Ilibenso polowetsa simukhadi, zimene zikutanthauza kuti imafuna modemu kapena chingwe chochokera ku kampani ya intaneti. Nyumba ikakhala yaikulu, ya makoma ochindikala a njerwa, mphamvu yake imafooka kuzipinda zakutali, ndipo ine ndinachita kuichotsa pakona n'kuiika pamwamba pa kabati ya pabalaza kuti ifike kuchipinda chogona. Kwa banja la m'nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu, limene likufuna rauta yotsika mtengo imene lingathe kuikonza lokha popanda kuitana katswiri, ndikuivomereza ndi mtima wonse.