Tenti yodzitambasula yokha, ya ambulera, kapena yolowetsa ndodo: ife a ku Joni tigule iti?

Mwezi watha alamu anga anandiimbira foni ali m'sitolo. Akufuna kupita ndi banja kukagona panja cha ku Hartbeespoort pa tchuthi cha Disembala, ndiye wogulitsa anali atawaonetsa tenti ija umangoiponya m'mwamba n'kugwa pansi itaima kale. "Alamu, ndilipire?" Ndinawauza kuti adikire kaye. Choyamba amupemphe wogulitsayo aipinde n'kuibwezera m'thumba mwake iwo akuona, kenako ayesenso okha. Chachiwiri alowetse dzanja aone ngati denga lake lili ndi nsalu ziwiri kapena imodzi. Wogulitsa amakuonetsani mmene tenti imaimira msanga, koma tenti imadziwika m'mawa popinda ndi usiku mvula ikayamba.

Ambirife kuno ku Johannesburg tilibe pikapu yokoka ngolo. Timakhala m'zipinda za kuseri ku Rosettenville, ku Cosmo City kapena ku Randburg, timagwira ntchito mpaka Loweruka masana, ndipo ulendo wathu wa kutchire ndi wa usiku umodzi kapena uwiri, ku Magaliesberg, ku Vaal Dam, mwina ku Dinokeng kumpoto kwa Pretoria. Ena timakwera minibasi, ena timathithikana asanu m'kagalimoto ka mnzathu. Ine ndagonapo m'mitundu itatu ya matenti pa maulendo otere, ndipo ndiifananiza poganizira moyo umenewu.

Yodzitambasula yokha ili ndi ndodo yopyapyala ya fibreglass yosokereredwa m'kati mwa nsalu, yopindidwa ngati nkhata. Mukamasula lamba, ndodoyo imadziwongola n'kukoka nsalu yonse. Imene inatchukitsa mtunduwu ndi Quechua 2 Seconds ya kampani ya Decathlon, yomwe inatuluka mu 2005, ndipo lero makampani ambiri akupanga zofanana nayo. Ubwino wake si wongonena. Mu Juni kuno dzuwa limalowa isanakwane 5:30 madzulo. Mwaweruka 1 koloko, mwagula nyama ndi makala, mwalimbana ndi magalimoto pa msewu wa R512, pofika mdima wagwa ndipo ana ayamba kulira ndi kuzizira. Pa nthawi ngati imeneyo, kukhala ndi pogona m'mphindi imodzi, osafunafuna ndodo ndi tochi ya foni, ndi chinthu chachikulu.

Kupinda ndiye nkhani. Mumasonkhanitsa mikombero yonse m'dzanja limodzi, n'kuimiritsa, n'kukankhira mutu wake pansi kuti ipotoke ngati 8, kenako n'kugoneka mbali imodzi pa inzake kuti ikhale nkhata imodzi. Dzanja likazolowera ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Likapanda kuzolowera munthu amayamba kukakamiza, ndipo fibreglass ikakakamizidwa imang'ambika m'litali ngati nsungwi, tizitsotso take n'kumabaya zala ndi kuboola nsalu. Vuto lake n'lakuti ndodoyo ndi yosokerera m'kati, choncho ikathyoka kukonza kwake n'kovuta, ambiri amangotaya tenti yonse. Muyeserere katatu pabwalo la panyumba musanapite kulikonse. Pa thumba kapena m'kati mwake mumakhala zithunzi za kapindidwe, musazidule.

Ikapindidwa imakhala yozungulira ngati lichero lalikulu, ya anthu awiri masentimita oposa 60 m'mimba mwake, ya atatu kuposa pamenepo. Ndi yopepuka, imalowa kuseri kwa wadiropu kapena pansi pa bedi, ndipo m'buti imagona pansi katundu wina n'kukhala pamwamba, bola asakhale wolemera kwambiri. Koma m'minibasi yodzaza, lichero limeneli limakhala pa maondo anu ndi a mnzanu wa pambali. M'chikwama cha kumsana simulowa. Amene mukuganiza zodzapita nayo kumudzi pa basi ya ku Park Station kuti mukagone m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, kumbukirani mmene katundu amapanikizidwira pansi pa basi kuchokera kuno kudutsa Beitbridge ndi Tete mpaka ku Mwanza. Pali mtundu wina watsopano, monga 2 Seconds Easy, umene umaima mukakoka zingwe ziwiri ndipo umapindika kukhala mtolo wautali osati lichero. Ndi wokwera mtengo, koma kwa amene kupinda kumamuopsa, ndi njira yabwino.

Tsopano za nsalu imodzi ndi nsalu ziwiri, zomwe ine ndimaziona kuti ndi zofunika kuposa zina zonse. Tenti yanga yoyamba inali yodzitambasula ya nsalu imodzi, yotchipa, ya marandi mazana ochepa. Tinagona nayo m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg mu Januwale, ine ndi mayi a kunyumba ndi mwana wathu. Masana kunali kotentha, thambo lili mbee. Cha m'ma 4 koloko mitambo inayamba kuunjikana, ndipo pofika madzulo kunagwa chimvula chija cha kuno, cha mphepo ndi mabingu. Madzi sanaboole nsalu pakati. Anayamba kudontha m'misoko, dontho limodzilimodzi pa mzere wa ulusi, kenako pa zipi ya chitseko, chifukwa panalibe chophimba pamwamba pake. Paliponse pamene chikwama kapena phewa linakhudza khoma, pamenepo panayamba kunyowa. Tinasonkhanitsa zofunda pakati, mwana ndinamugoneka pachifuwa, mayi ake atagwira tochi akupukuta pansi ndi chitenje n'kumafinyira panja. Mvula inakata pasanathe ola, koma bulangeti linali litanyowa kale, ndipo tinamalizira usiku m'galimoto.

Ngakhale usiku wopanda mvula, tenti ya nsalu imodzi imanyowetsa. Mpweya umene timapuma uli ndi chinyontho, ukagunda nsalu yozizira umasanduka madontho, m'mawa mukangogwedeza khoma akugwerani kumaso. Ya nsalu ziwiri ili ndi chipinda cha m'kati chopumira bwino, ndi denga lakunja losalowa madzi, pakati pali mpata. Chinyontho chimadutsa nsalu ya m'kati n'kukakhala pa yakunja, n'kutsetserekera pansi osakukhudzani. Zodzitambasula za nsalu ziwiri zilipo, ndipo nsalu zonsezo zimaima limodzi, kotero ngakhale muimike kukugwa mvula m'kati simunyowa. Za nsalu imodzi zija ntchito yake ndi mthunzi wa masana m'mbali mwa damu kapena posewerera ana.

Pa bokosi mudzaona nambala yolembedwa mm, monga 1500 mm kapena 2000 mm. Imeneyo ndi kutalika kwa madzi amene angaime pamwamba pa nsaluyo asanayambe kudutsa. Kwa mvula ya kuno ya pakati pa Okutobala ndi Malichi, ine sindingatsike pansi pa 2000 mm. Ngati bokosi silikutchula nambala n'komwe, ndimalisiya. Koma nambala payokha siikwanira. Tembenuzani denga muone ngati misoko yamatidwa ndi kalamba koonekera m'kati, ndipo muone ngati pulasitiki ya pansi yakwera m'mbali ngati beseni, kuti madzi oyenda pansi asalowe.

Mtundu wachiwiri ndi umene ndimautcha wa ambulera. Ndodo zake ndi zachitsulo, zolumikizidwa kale ku nsalu, zokumana pa mutu umodzi pamwamba. Mumaiyala pansi, kuwongola mawondo a ndodozo, n'kumakoka iliyonse mpaka italira kuti tswa. Coleman ndi makampani ena amagulitsa zotere, ndipo anthu awiri amaimika m'mphindi ziwiri kapena zitatu osathamanga. Apa ndi pamene imaposa yodzitambasula: m'zikuluzikulu zake munthu wamkulu amaima chilili. Yodzitambasula kutalika kwake ndi cha m'ma mita imodzi, kuvala buluku n'kogona chagada. Kwa banja, kwa amayi ofuna kusintha zovala mwaulemu, kwa achikulire a msana wovuta, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Kupinda kwake n'kosavutanso, mumangobwerera m'mbuyo momwe munaimikira.

Koma ndi yolemera, ndipo mtolo wake umatalika kuposa mita, moti m'buti ya kagalimoto kakang'ono nthawi zina mpaka mugwetse mpando. Popanda galimoto musaiganizire. Makoma ake ndi oima, mphepo imawamenya ngati chitseko, ndipo chimene chimayamba kufooka ndi mfundo za pulasitiki za m'mawondo muja. Zina zimagulitsidwa denga lakunja lili lapadera kapena lili kachipewa kongophimba pamwamba, ndiye funsani musanalipire. Pa intaneti pali zing'onozing'ono zambiri zotchipa zokhala ndi sipuling'i pamutu, zoti mukakoka zimadumpha n'kuima. Zambiri mwa izo ndi za kachipewa komweko, ndipo ndimaziika gulu limodzi ndi za nsalu imodzi.

Wachitatu ndi wakale uja wolowetsa ndodo ziwiri zopingasana, denga n'kuponya pamwamba. Anthu ayamba kuunyoza chifukwa umatenga mphindi 10 kapena 15, koma ine ndimaulemekeza. Pa ndalama zofanana, kawirikawiri mumapeza nsalu yabwinoko ndi khonde loika nsapato ndi chikwama. Mtolo wake ndi waung'ono, umakwana pansi pa mpando wa minibasi ndi m'chikwama chachikulu cha ulendo wa kumudzi. Msana wake wozungulira umalola mphepo kudutsa. Ndodo yake ndi ya zidutswa zolumikizidwa ndi lasitiki, chidutswa chimodzi chikathyoka mumagula china m'masitolo a katundu wa kutchire monga Outdoor Warehouse n'kusintha nokha. Chovuta chake n'chakuti mvula ikakupezani mukuimika, chipinda cha m'kati chimanyowa denga lisanakwere, komanso munthu mmodzi usiku amavutika nayo.

Za kanvasi zija mumaziona kumalo osungira nyama zakutchire a Pilanesberg ndi Kruger, zobiriwira zokhuthala, n'zolimba zaka zambiri ndipo m'kati mwake simutentha msanga, koma kulemera ndi mtengo wake ndi za anthu okakhala sabata yathunthu. Sindizilowetsa mu mpikisanowu.

Mtundu uliwonse mungasankhe, zikhomo ndi zingwe musazisiye m'thumba. Yodzitambasula imanyenga chifukwa imaima yokha, munthu n'kuganiza kuti ntchito yatha. Ndinaonapo ku Vaal mu Ogasiti, mwezi wa mphepo kuno, tenti yopanda zikhomo ikugubuduka kulunjika kumadzi mwini wake ali pambuyo. Komanso yosakokedwa ndi zingwe imaphwatalala mphepo ikawomba, denga lakunja n'kukhudza la m'kati, madzi n'kupeza njira. Tizikhomo ta waya tobwera ndi tenti timapindika pa dothi louma la nyengo yozizira, choncho gulani zikhomo zokhuthala zachitsulo ndi kahamala, muzikhoma mopendeketsa mutu ukuloza kutali ndi tenti. Pansi yalani lona wocheperako pang'ono kuposa tentiyo. Akatulukira kunja amatunga madzi a mvula n'kuwalowetsa pansi panu.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kunja kwa tauni udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Palibe tenti mwa zitatuzi imene ingakufunditseni, kuzizira kumachokera pansi, ndiye pamafunika matiresi kapena mphasa yokhuthala ndi bulangeti lina loyala. Ndikupemphani ndi mtima wonse, abale anga, mbaula kapena makala otsala pootcha nyama asalowe m'tenti, ngakhale aoneke ngati azima. Mpweya wake sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Timawindo ta mpweya tisiyeni totsegula ngakhale kuzizire. M'dzinja namonso, mphenzi za kuno n'zoopsa ndipo tenti siiteteza. Ziphaliwali zikayandikira, kapena matalala akayamba, lowani m'galimoto kapena m'nyumba ya mabafa.

Nambala ya anthu yolembedwa pa thumba amawerengera anthu ogona mothithikana opanda katundu. Ya awiri ndi ya munthu mmodzi ndi chikwama chake, ya atatu ndi ya bambo ndi mayi. Ngati mumadana ndi kudzutsidwa ndi dzuwa la Disembala, lomwe kuno limatuluka itangopitirira 5 koloko, pali zina za nsalu yakuda m'kati, monga zimene Decathlon imazitcha Fresh & Black, ndipo ana amagonamo mpaka kutacha bwino.

Mukafika kunyumba, tenti iume isanasungidwe. Yopindidwa yonyowa imachita chuku m'masiku ochepa, fungo lake silichoka, ndipo utoto woletsa madzi umayamba kusupuka. Apa yodzitambasula imavutitsa okhala m'chipinda chimodzi, chifukwa siyanikika pa chingwe ngati yolowetsa ndodo, imafuna malo oti itambasuke yonse. Ine ndimapempha eni nyumba kuti ndiiimike pabwalo Lamlungu madzulo kwa ola limodzi. Ogula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook Marketplace, inunkhizeni, yendetsani zipi zonse, ndipo mwini wake aitambasule ndi kuipinda inu mulipo.

Kwa munthu mmodzi kapena awiri, a usiku umodzi kapena uwiri, okhala ndi kagalimoto, ine ndimasankha yodzitambasula ya anthu atatu ya nsalu ziwiri, ndipo ndi imene ndikugwiritsa ntchito panopa. Woyenda pa minibasi kapena wofuna kudzafika nayo kunyanja atenge yolowetsa ndodo. Alamu anga ali ndi ana atatu ndipo galimoto yawo ili ndi buti yaikulu, ndiye ndinawauza abweze ija anaigwira, atenge ya ambulera ya anthu 6 yokhala ndi denga lofika pansi, awonjezere zikhomo zokhuthala 10. Loweruka likubwerali tikaiimika pabwalo pawo ku Turffontein n'kuithira madzi ndi paipi, tione misoko yake Disembala asanafike.