Chosulirapo chakale, chidutswa cha njanji kapena mutu wa nyundo: musankhe chiti?

Amene akufuna kuyamba kusula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje kuno ku Mchinji amayamba wasakasaka chitsulo chosulirapo, chija ogulitsa amati anvil. Ambiri amakopeka ndi maonekedwe, makamaka nyanga yake, mbali yosongoka yopindirapo zitsulo. Koma ntchito imayenda chifukwa cha zinthu ziwiri zokha: kulemera komwe kuli pansi pa nyundo, ndi kulimba kwa pamwamba pomwe mukumenyapo.

Chosulirapo chenicheni chakale chimapezeka m'magalaja a maesiteti a fodya ndi kwa ogula zitsulo zakutha. Zina zochokera ku England, monga za Peter Wright, thupi lake ndi lachitsulo chofewa, koma pamwamba anamatikapo chitsulo cholimba chokhuthala pafupifupi sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Chitsulo chapamwambacho ndicho mukugula. Popita kukaona, tengani tupa, kanyundo ndi kampira kachitsulo kochokera mu beringi ya galimoto. Palani dzimbiri, gwetsani kampirako kuchokera pa masentimita 25. Kakadumpha kufika pa 18 kapena 20, chitsulocho ndi chamoyo. Kakalephera ngakhale theka, mwina chinapsa ndi moto n'kufewa, ndipo kuchilimbitsanso pakhomo n'kovuta kwambiri. Tupa liyenera kutsetsereka osaluma. Kenako gogodani pena ndi pena ndi kanyundo. Pomwe pakumveka ngati mphika wosweka, dziwani kuti chapamwamba chija chamatuka mkati ndipo tsiku lina chidzathetheka. M'mphepete mobenthuka pang'ono musaope, mumangosulira mbali ina. Mng'alu wodutsa pa bowo la ngodya zinayi lomwe lili pamwamba pake ndiye wokanitsa malonda.

Musanyengedwenso pa kulemera. Manambala atatu olembedwa pambali pa zosulirapo zakale za ku England si makilogalamu. Pakalembedwa 1 1 10, yoyamba ndi mapaundi 112, yachiwiri 28, yachitatu 10, zonse pamodzi mapaundi 150, omwe ndi makilogalamu 68. Chotere chimakwanira bwino nyundo ya kilogalamu imodzi ndi theka.

Njanji ndiyo ambiri amathamangira, poti ndi yotsika mtengo. Gulani kwa munthu amene angakuuzeni komwe anaitenga, chifukwa kuzula chitsulo pa njanji ya sitima ndi mlandu. Vuto lake ndi kagwiritsidwe. Anthu amaigoneka monga imakhalira pansi pa sitima, ndiye pansi pa mutu wake pamakhala kachitsulo kopyapyala komwe kamanjenjemera. Phokoso limachuluka koma sipuling'i yomwe mukusula sikuphwatalala, mpaka yazizira mwabwerera nayo pa makala. Iimikeni chilili. Chidutswa cha masentimita 60 kapena 70 chikaima, kulemera kwake konse kumakhala pansi pa nyundo. Pomenyapo pamachepa, inde, koma nyundo simenya malo oposa nkhope yake. Mipeni, masompho ndi nkhwangwa zimatuluka bwinobwino. Chomwe mudzasowa ndi nyanga yopindira, komanso malo otambalala owongolerapo khasu, ndipo apo m'pofunika kachidutswa kena kogoneka pambali.

Mutu wa nyundo yophwanyira miyala, ya makilogalamu 6, woloweka m'chitsa, nkhope yake ndi yolimba kale. Umakwanira mipeni ndi tizitsulo ting'onoting'ono, koma khasu ungakutopetseni.

Choyenera kuchipewa ndi chosulirapo chotchipa chopakidwa penti yonyezimira, chopangidwa ndi chitsulo chonga cha simbi yamakala. Kampira sikadumpha, nyundo imasiya mabala tsiku loyamba lomwelo, ndipo nyanga imatha kuthyoka. Njanji yoimika imachiposa kutali. Chakale chomwe chalephera mayeso a kampira nachonso chimagonja kwa njanji, ngakhale chikhale ndi dzina lotchuka.

Chilichonse mwa izi chimafuna chitsa cholimba. Cha bulugama wouma chimachita bwino. Chidulidwe mowongoka mbali zonse ziwiri, chikwiriridwe masentimita 40 m'nthaka yotsendera, ndipo mbali yolowa pansiyo muipake oyilo wakutha chifukwa cha chiswe. Msinkhu mumayeza ndi thupi lanu: imani chilili, kungani chibakera, pamwamba pa chosulirapo pakhudze mfundo za zala. Chikatsika msana umapweteka, chikakwera nyundo imagwa chopendekera n'kusiya mabala pa ntchito. Chosulirapocho chikhomereni pa chitsa ndi tizitsulo topinda togwira miyendo yake kuti chisasunthe, chifukwa chogwedera chimadya mphamvu ya dzanja. Kukulunga tcheni m'chiuno mwake kumachepetsa kulira komwe kumagonthetsa makutu.

Mukapeza chakale chabwino, girayinda isayandikire pamwamba pake. Burashi yawaya ndi yokwanira, chitsulo chamoto chidzawalitsa chokha pakatha masabata angapo. Musalole kuti akuwotcherereni m'mphepete ndi ndodo wamba, chifukwa kutentha kumafewetsa pozungulira ndipo chowotchereracho chimadzagamuka. Podula chitsulo ndi tchizulo, yalani kachitsulo kofewa pansi, ndipo musamenyepo chitsulo chozizira.