Colt, Ruger kapena ya ku Italy: revolver yogwiritsidwapo ntchito yoyenera ndalama zanu ndi iti?

Pa msika wa mfuti zakale ku America, amene akufuna revolver (mfuti yam'manja yokhala ndi silinda yozungulira yoikamo zipolopolo) yokoka hamala (kachitsulo kakumbuyo komenya) ndi chala chachikulu asanaombe chipolopolo chilichonse amasankha pakati pa zitatu: Colt Single Action Army, Ruger Blackhawk kapena Vaquero, ndi zotengera Colt zopangidwa ndi makampani a ku Italy a Uberti ndi Pietta. Kunja zimaoneka ngati ana a mayi mmodzi, koma m'kati n'zosiyana kwambiri.

Colt ndiyo kholo. Inatuluka mu 1873, ndipo ogula amaigawa m'mibadwo itatu: woyamba unatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba, wachiwiri ndi wa 1956 mpaka 1974, wachitatu unayamba mu 1976. Amene akufuna yoombera apewe yopangidwa 1900 isanafike, chifukwa chitsulo chake anachikonzera wonga wakuda, osati wonga wamakono wopanda utsi umene umakankha mwamphamvu. Mtengo wa Colt wagona pa kusasinthidwa. Ngati munthu wina anaipukuta n'kuidetsanso, zilembo za pa mpope zimaoneka zofufutika, ngodya zimakhala zozungulira, ndipo mtengo umatsika kwambiri ngakhale mfutiyo ikuwala. Manambala a pa zigawo zake agwirizane, ndipo kalata yochokera kosungira mbiri ya kampani ya Colt imanena tsiku limene inatumizidwa, kukula kwa chipolopolo ndi utali wa mpope. Kufooka kwake ndi masipuling'i afulati: ya bolt (kachitsulo kotseka silinda) ndi trigger (chokoka poomba) imathyoka ndi ukalamba, koma si yodula kusintha.

Ruger inabwera ndi Blackhawk mu 1955 ndi masipuling'i opota, amene sathyoka wamba. Apa pali chinthu choti muyang'ane musanafunse n'komwe mtengo. Yakale ili ndi masikuluwu atatu m'mbali mwa fulemu. Yatsopano, yotchedwa New Model, kuyambira 1973, ili ndi mapini awiri komanso transfer bar, kachitsulo kamene kamakwera pakati pa hamala ndi firing pin (kansonga kobaya chipolopolo) pokhapokha trigger yakokedwa. Yatsopanoyi ndi imene mungaikemo zipolopolo zonse 6 popanda mantha. Yamasikuluwu atatu imene sinasinthidwe ili ngati Colt: hamala ikagona pa chipolopolo, mfuti n'kugwa pansi, imatha kulira. Anthu afa nazo zimenezi. N'chifukwa chake pali kachitidwe kosasintha: ikani chimodzi, dumphani bowo limodzi, ikani zinayi, kokani hamala mpaka kumapeto n'kuitsitsa, ndipo igona pa bowo lopanda kanthu. Ruger imasintha zakalezo kwaulere poziika transfer bar, ndiye mufunse wogulitsa ngati zida zoyambirira zilipo, poti osunga mfuti zakale amazifuna.

Pa Vaquero anthu amasokonezeka. Ya 1993 ili ndi fulemu yaikulu ya Blackhawk, pomwe New Vaquero ya 2005 ndi yaing'ono, yofanana kukula ndi Colt. Zipolopolo za .45 Colt zodzazidwa mwamphamvu, zolembedwa kuti n'za Ruger zokha, si za New Vaquero, si za Colt, ndipo si za mfuti za ku Italy.

Za Uberti ndi Pietta, zopangidwa m'chigawo cha Brescia, ndi zotsika mtengo ndipo m'manja zimamveka ngati Colt yeniyeni. Vuto ndi loti zambiri zadutsa m'mipikisano yoombera ya Cowboy Action Shooting, kumene zimaombedwa zikwizikwi ndipo eni ake amazipala m'kati kuti zifewe. Kupala kukachitidwa ndi munthu wosadziwa, mfutiyo yaonongeka.

Kuyesa n'kofanana pa zonse, ndipo kumayamba ndi kutsegula chitseko cholowetsera zipolopolo n'kuona mabowo onse 6 kuti mulibe kanthu. Kenako kokani hamala pang'onopang'ono. Pa Colt ndi zotengera zake zambiri mumva kulira kwa zitsulo za m'kati kanayi. Kumodzi kukasowa, dzino la pa hamala kapena nsonga ya trigger yabenthuka, nthawi zambiri chifukwa chomenya hamala ndi chikhatho ngati m'mafilimu. Silinda itsekeke hamala ikamafika kumapeto, pa bowo lililonse. Ikapitirira kapena kuperewera, bowo silikuyang'anizana ndi mpope ndipo mfuti imalavula tizidutswa ta mtovu m'mbali. Hamala ili yokokedwa, ikankheni pang'ono ndi chala: ikagwa osakhudza trigger, musagule mpaka mmisiri wa mfuti aione. Tengani feeler gauge (timalata toonda toyezera mpata) muyeze mpata wa pakati pa silinda ndi mpope, mainchi 0.004 mpaka 0.008 ndi bwino. Silinda isamasewere kutsogolo ndi kumbuyo moti n'kumva kugogoda. Walitsani tochi mu mpope: mphete yakuda ndi chizindikiro choti unatupa pamene wina anaomba chipolopolo china chitatsakamira m'kati, ndipo timaenje ta dzimbiri tifupi ndi silinda timachokera ku wonga wakuda wosatsukidwa. Mzera wozungulira silinda pa New Model Ruger si vuto, ndi momwe inapangidwira. Pa Colt umasonyeza kuti ankaitsitsa hamala kuchokera pakati kapena bolt ikukwera msanga.

Kwa munthu wofuna kuomba kawirikawiri, New Model Blackhawk ya .357 Magnum ndiyo yopambana: imalandiranso .38 Special zotchipa, zoyang'anira zake zimasinthika, ndipo zida zake zimapezeka mosavuta. Wofuna maonekedwe a 1873 ndi ndalama zochepa atenge Uberti kapena Pietta imene sinapalidwe. Colt ndi ya munthu wokonzeka kulipira mbiri, amene wapeza wodziwa woti amuthandize kuiona asanapereke ndalama. Ndipo amene akukhala ku Britain adziwe kuti mfuti zam'manja zamtunduwu zinaletsedwa kwa anthu wamba mu 1997, pomwe ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna satifiketi yosonyeza kuti ndinu woyenera komanso laisensi ya mfuti iliyonse payokha.