Seven Sisters kapena Alfriston: Loweruka lino mulowere kuti?

Kwa inu okhala ku London kapena ku Brighton amene mukufuna kukawongola miyendo, njira ziwirizi zonse zili m'mapiri a choko a South Downs ku East Sussex, ndipo zonse mumazifika pa sitima yodzera ku Lewes. Kufanana kwake kumathera pomwepo.

Ya Seven Sisters ndi ija mumaiona pa Instagram. Mumanyamukira ku Seaford n'kukathera ku Eastbourne, makilomita oposa 20, pamwamba pa maphompho oyera oyang'ana kunyanja. Kukongola kulipo, sitingakangane. Koma zitunda zake n'zondondozana, kukwera n'kutsika kosalekeza, ndiye mawondo akayamba kulira m'pamene phompho la Beachy Head la mamita 162 limaonekera kutsogolo. Mthunzi kulibe, mphepo siipuma. Pa Cuckmere Haven mtsinje ulibe mlatho pagombe, muyenera kuzungulira kukawolokera ku Exceat. Pojambula musafike kumapeto kwa phompho chifukwa choko chimagumuka. Nsanja ya nyali ya Belle Tout anachita kuisuntha mamita 17 mu 1999 kuti isagwere m'nyanja. Chabwino n'chakuti mukatopa, basi nambala 12 imadutsa pa Exceat ndi East Dean.

Njira ya m'midzi, yopita ku Alfriston, ndiyo ndimaikonda ine. Tsikirani pa siteshoni ya Berwick, dutsani m'minda mpaka Wilmington, pomwe pali Long Man, chithunzi cha munthu wa mamita 72 pa thupi la phiri atagwira ndodo ziwiri. Mukakwera pamwamba pake nyanja mumaionabe patali, kenako n'kutsetsereka kulowa Alfriston. Kumeneko kuli tchalitchi cha St Andrew cha m'zaka za m'ma 1300, ndipo pambali pake pali Clergy House, nyumba yoyamba imene National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri yakale, inagula mu 1896 ndi mapaundi 10 basi. Ndi yofolera ndi udzu. Kwathu denga lotere timafulumira kulisasula tikapeza malata, kuno anthu amalipira kuti alione! Pobwerera lowani m'katchalitchi ka m'mudzi wa Berwick muone zithunzi zimene akatswiri ojambula Duncan Grant ndi Vanessa Bell anajambula pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Zovuta zake zilipo. M'nyengo yozizira minda ya m'munsi imakhala matope okhaokha, ndipo choko chikanyowa chimaterera zedi. Mudzadutsa pakati pa ng'ombe, zina zili ndi ana, choncho yendani modekha ndipo geti lililonse mulisiye mmene mwalipezera. Chakudya ku Alfriston n'chodula, tengani kamba wanu.

Ngati muli ndi ana, kapena makolo abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, pitani ku Alfriston. Ndi yaifupi ndipo pokhala pansi mpambiri. Seven Sisters isiyireni tsiku lopanda mphepo, makamaka m'kati mwa sabata anthu akachepa. Kungoti si sitima zonse zimaima pa Berwick, ndiye onani nthawi ya yobwerera musananyamuke.