Magalasi oonera patali a 8x42: mmene ndinawaonera ku Lengwe

Ndinagula magalasi oonera patali a 8x42 m'sitolo ina ku Limbe n'cholinga choti ndiziona bwino nkhwali ndi nkhanga za m'nkhalango ya Lengwe, m'boma la Chikwawa. Nambala 8 ikusonyeza kuti chinthu chimaoneka pafupi kasanu ndi katatu, pomwe 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo kukula kumeneku n'kumene kunandithandiza m'bandakucha, nthawi imene nkhwali zimalira ndi kutuluka m'zitsamba kukapalasa pansi kuwala kusanakwane.

Nkhwali ndi ya banja limodzi ndi nkhuku komanso mbalame zokongola za m'mapiri a Himalaya, monga monal, imene dziko la Nepal linaisankha kukhala mbalame ya fuko. Mofanana ndi abale akewo, imadalira miyendo kuposa mapiko, choncho ikangomva mswayo imalowa m'tchire mwaliwiro. Ndili patali ndinatha kuona bwinobwino khosi lofiira ndi mizere ya pachifuwa popanda kuidzidzimutsa, ndipo nkhanga za nthenga zopotana pamutu, zimene zimakonda m'nkhalango yowirira, zinaonekanso mochititsa kaso.

Chodandaulitsa n'chakuti magalasiwa ndi olemera, ndipo m'kutentha kwa chigwa cha Shire mu Okutobala lamba wake wopyapyala amadya khosi pamene thukuta layamba. Zotsekera magalasi n'zolobodoka, moti chimodzi chinagwera m'udzu tsiku loyamba lomwe. Amene akufuna kuwagula aguliretu lamba wotambalala ndi kansalu kopukutira fumbi.