Chopatsira moto cha snowmobile: chala chachikulu kapena chamkombaphala?

Snowmobile, njinga yamoto yoyenda pachipale chofewa ku Canada, Alaska ndi Finland, sipatsidwa moto popotokola handulo ngati njinga za kabaza ayi. Opanga ma snowmobile monga Ski-Doo, Polaris ndi Arctic Cat amaika kachitsulo kudzanja lamanja kokankha ndi chala chachikulu. Buleki ili kumanzere.

Vuto lake ndi kutopa. Ukayenda tsiku lonse chalacho chimachita dzanzi, n'chifukwa chake ambiri amaikapo kotenthetsera. Komanso ndi zala zinayi zokha zimene zimagwira handulo.

Ena amasintha n'kuika kachitsulo kutsogolo, kokoka ndi chamkombaphala. Apa chala chachikulu chimazinga handulo, ndiye ukaimirira pokwera phiri umagwira zolimba. Koma kachitsulo kakutsogolo kakhoza kukanikizidwa ndi nthambi, injini n'kulusa usanafune. Pamafunika chotchinga. Ukadzidzimuka n'kufinya handulo, wapatsanso moto. Apa mpoopsa.

Ine ndingasinthe pokhapokha ngati ndimayenda m'mapiri. Panjira yosalala chakufakitale n'chokwanira. Ukasintha, khotetsa handulo mbali zonse uone ngati kebulo ya kachitsuloko ikubwerera yokha, ndipo chingwe chozimitsira injini ukagwa uchimangirire pajekete.