FPGA ya SRAM kapena ya flash: iti ingapirire maneutron a ku LHC?

Amene mukukonza bolodi yokagwira ntchito m'ngalande ya LHC, makina aakulu ogundanitsa maproton a ku CERN, malo a kafukufuku kufupi ndi Geneva, funso loyamba lisakhale la liwiro la chip. FPGA ndi chip imene mumailembera nokha pulogalamu ya kalumikizidwe ka mkati mwake, ndiye funsani kaye kuti pulogalamuyo imakhala pati.

Maproton akamagundana, kapena akakhudza zitsulo za m'mbali, amabala maneutron ambirimbiri. Neutron ilibe mphamvu ya magetsi, ndiye imaboola khoma ngati mulibe kanthu. Ikagunda pakati pa atomu ya silicon mu chip, tizidutswa timene tathothoka timasiya kamagetsi kokwanira kutembenuza bit imodzi: inali 0, yakhala 1. Chip sinapse, mukaigwira ili bwinobwino, koma yayamba kunama. Amisiri amati SEU. Maneutron oyenda pang'onopang'ono nawonso musawaderere. Akamezedwa ndi boron-10 wa mu chip, atomuyo imasweka n'kutulutsa lithium ndi kachidutswa kotchedwa alpha, bit n'kutembenukanso. Mu 2011 zoterezi zinkazimitsa beam, mtsinje wa maproton wozungulira m'ngalandemo, pafupifupi ka 12 pa inverse femtobarn iliyonse (muyezo wa kuchuluka kwa kugundana kwa maproton). Atawonjezera zotchinga ndi kusamutsa zida zina pansi pa pulojekiti ya R2E, yoteteza zida zamagetsi ku radiation, mu 2012 zinatsika kufika pafupifupi pa 3.

FPGA ya SRAM, monga za Xilinx, ndi yamphamvu zedi: malo ambiri, liwiro lalikulu. Vuto lake n'lakuti kalumikizidwe konse ka mkati mwake kamasungidwa mu SRAM momwemo, memory imene imaiwala zonse magetsi akazima. Neutron ikatembenuza bit ya pamenepo, sikuti nambala yokha yalakwika ayi, dera la magetsi lenilenilo lasintha. Zili ngati munthu wabwera usiku n'kusinthanitsa mawaya m'bokosi lanu, inu osadziwa. Ndipo sizidzikonza zokha. Pamafunika scrubbing, kutanthauza kuti chipangizo china chizilembanso kalumikizidweko mobwerezabwereza, usana ndi usiku.

Ya flash, monga ProASIC3 imene inayamba ndi Actel ndipo pano ili m'manja mwa Microchip, imasunga kalumikizidwe m'tizipinda tofuna magetsi ochuluka kuti tisinthe. Neutron imodzi siitha. Mukayatsa, nthawi yomweyo yayamba ntchito, palibe zodikira kuti pulogalamu ilowe. N'chifukwa chake ku CERN anaidalira mu FGClite, zowongolera mapawa a maginito m'ngalandemo. Koma tisanamizane: ma flip-flop (tizigawo tosunga bit imodzi imodzi) ndi memory yosungira manambala mkati mwake amatembenukabe. Muyenera kuika TMR, dera limodzi kulipanga katatu, awiri akagwirizana wachitatu n'kugonja, ndiye malo ochepa omwe munali nawo aja atheratu. Komanso radiation ikaunjikana kufika ma gray (muyezo wa radiation imene chinthu chamwa) mazana angapo, chip imayamba kufooka mpaka kukana kulembedwanso.

Za FPGA za mtundu wachitatu, za antifuse, ndingodutsapo. Zimapirira, koma mumalemba kamodzi basi. Mukalakwitsa mzere umodzi, mukagule ina.

Ena amati ECC, njira yozindikira ndi kukonza ma bit olakwika, ikwanira. Pa manambala imathandizadi: pa ma bit 64 mumawonjezera 8, imakonza imodzi yolakwika n'kuzindikira ziwiri. Koma ECC ya pa manambala siidziwa kuti dera lowerenga manambalawo lasokonekera.

Ine ndimaima apa: chilichonse choteteza makina, chimene chikalakwa beam izima kapena maginito awonongeka, chikhale pa flash ndi TMR, ngakhale chiziyenda pang'onopang'ono. SRAM ipite kumene kukufunika kumeza deta yochuluka ndipo kutaya kachigawo kochepa sikupha ntchito. Zimene anachita a ALICE, gulu lina lofufuza pa LHC, zimandisangalatsa kwambiri: pa mabolodi owerengera ITS, chida chawo cholondola njira za tizidutswa, anaika Kintex UltraScale, FPGA ya SRAM, kuti izisenza ntchito yolemera, pambali pake ProASIC3 yaing'ono yoilondera ndi kuikonza.

Musanagule zambiri, tengani zingapo za gulu lomwelo mukaziyese ku CHARM, malo oyesera zida a ku CERN, komwe maproton a mphamvu ya 24 GeV amaombedwa pa chitsulo cha kopa kuti patuluke radiation yofanana ndi ya m'ngalande, kapena ku ChipIr, malo ena oyesera machip ku Britain. Machip a dzina limodzi opangidwa nthawi zosiyana sapirira mofanana.